Mavitamini ndi matenda a m'chifuwa: umboni ukuti chiyani?

Madokotala akayeza magazi a anthu amene agonekedwa m'chipatala chifukwa cha chibayo, chikuku kapena Covid-19, kawirikawiri amapeza kuti amene matenda awakula kwambiri ndi omwenso ali ndi mavitamini ochepa m'magazi mwawo. Zimenezi zapezeka mobwerezabwereza m'maiko osiyanasiyana ndipo akatswiri sazitsutsa. Pamene amasiyana maganizo ndi pa tanthauzo lake. Kodi munthuyo matenda amukulira chifukwa choti anali ndi mavitamini ochepa, kapena mavitaminiwo achepa chifukwa choti matenda amukulira? Nanga akapatsidwa mavitaminiwo, achira msanga?

Yankho limasiyana malinga ndi vitamini wake komanso nthenda yake. Pa vitamini A ndi chikuku umboni ndi wamphamvu, ndipo mbali yaikulu ya umboniwo inachokera m'zipatala za muno mu Africa. Pa vitamini D ndi vitamini C, amene amagulidwa kwambiri nyengo yozizira ikafika, umboni ndi wochepa mphamvu poyerekeza ndi zomwe otsatsa malonda amanena.

Matenda ake ndi ati

Mawu oti chimfine m'Chichewa amatchula matenda angapo amene madokotala amawasiyanitsa. Munthu amene wangotuluka mamina masiku atatu amati wadwala chimfine. Amene wagona sabata yathunthu, thupi likutentha, mafupa akuphwanya, nayenso amati chimfine, mwina n'kuwonjezerapo mawu oti chachikulu. Chimfine choyambacho chimayamba ndi mavairasi a mitundu yambirimbiri ndipo chimatha chokha. Chachiwiricho nthawi zambiri ndi fuluwenza, yomwe m'chigawo cha kumwera kwa Africa imachuluka m'miyezi yozizira, ndipo imapha okalamba, makanda ndi anthu amene ali ndi matenda ena. Palinso kachilombo ka RSV komwe kamatseka tinjira ta mpweya m'mapapo a makanda. Akatswiri anayerekeza kuti m'chaka cha 2019 kachilomboka kanapha ana osakwana zaka zisanu pafupifupi 100,000 padziko lonse. Kuyambira chaka cha 2020 pa mndandandawu panawonjezereka Covid-19.

Chikuku anthu ambiri amachiona ngati nthenda ya pakhungu chifukwa cha zidzolo zake, koma kachilombo kake kamalowa m'thupi kudzera mu mpweya, ndipo ana ambiri amene amafa nacho amaphedwa ndi chibayo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti chikuku chinapha anthu 107,500 m'chaka cha 2023, ambiri mwa iwo ana aang'ono.

Mankhwala opha mabakiteriya, monga amoxicillin, sapha mavairasi. Pa ambiri mwa matendawa, ntchito yaikulu yothana ndi kachilombo imagwiridwa ndi thupi lenilenilo, chipatala n'kumathandizira ndi mpweya, madzi ndi mankhwala a matenda ena olowererapo. N'chifukwa chake funso la zomwe zimalimbitsa kapena kufooketsa thupi ndi lofunika. Msinkhu, kachilombo ka HIV, chifuwa chachikulu, matenda a shuga, kunyentchera ndi utsi wa nkhuni m'nyumba zonsezi zimakulitsa matenda a m'chifuwa. Mavitamini ndi chimodzi chabe mwa zinthu zimenezi.

Chifukwa chake magazi a wodwala amasocheretsa

Thupi likagwidwa ndi matenda, chiwindi chimasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Chimachulukitsa mapuloteni othandiza kulimbana ndi tizilombo, n'kuchepetsa ena, kuphatikizapo puloteni amene amanyamula vitamini A kuchoka m'chiwindimo kupita naye m'magazi. Nkhokwe ikhoza kukhala yodzaza pamene ngolo yotuta yaima. Woyeza magazi tsiku limenelo amapeza vitamini A wochepa, chonsecho m'chiwindi alimo wokwanira.

Vitamini D nayenso amatsika motere. Ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ofufuza anayeza magazi a anthu amene ankachitidwa opaleshoni ya bondo, opaleshoniyo isanachitike komanso itachitika. Lipoti lawo la m'chaka cha 2011 linati pasanathe masiku awiri vitamini D anali atatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse. Anthuwa sanasinthe chakudya kwa nthawi yaitali, ndipo masiku awiri sangathe kumaliza vitamini amene thupi lasunga. Kupwetekeka kwa thupi ndiko kunatsitsa chiwerengerocho.

Vuto lina ndi loti anthu amene amakhala ndi mavitamini ochepa amakhalanso ndi mavuto ena. Nkhalamba yodwaladwala siituluka panja kukaothera dzuwa, motero vitamini D amachepa. Munthu wonenepa kwambiri vitamini D wake amabisala m'mafuta a m'thupi. Mwana wa m'banja losauka amasowa vitamini A, koma amasowanso nyumba yabwino, madzi abwino ndi ndalama yokwerera kupita kuchipatala msanga. Anthu oterewa akadwala kwambiri, n'kovuta kunena kuti chachititsa ndi vitamini.

Njira yodalirika yodziwira zoona ndi imodzi. Ofufuza amatenga gulu la anthu n'kuligawa pawiri mochita maere. Ena amawapatsa vitamini, ena mankhwala ongofanana naye maonekedwe koma opanda kanthu, ndipo odwala ngakhalenso madokotala sadziwa amene walandira chiyani mpaka kafukufuku atatha. Zomwe zafotokozedwa m'munsimu zatsamira kwambiri pa kafukufuku wa mtundu umenewu.

Vitamini A ndi chikuku

Njira ya mpweya, kuyambira m'mphuno mpaka m'mapapo, ili ndi kakhungu kofewa, konyowa, kokhala ndi timaubweya tosaoneka ndi maso tomwe timasesa fumbi ndi tizilombo kuti tituluke ndi makhololo. Kakhungu kameneka kamadalira vitamini A. M'chaka cha 1925, Burt Wolbach ndi Percy Howe a ku Boston anasonyeza kuti makoswe akamanidwa vitamini A, kakhunguka kamauma n'kukhakhala ngati khungu lakunja. Patatha zaka zitatu, Edward Mellanby ndi Harry Green a ku Sheffield anaona kuti makoswe otere amafa ndi matenda osiyanasiyana, ndipo anamutcha vitamini A kuti woteteza ku matenda.

Chikuku chimawononga kakhungu komweka, m'mapapo, m'matumbo ndi m'maso. Mwana amakana kudya, amatsegula m'mimba, ndipo vitamini A wina amatayika mu mkodzo pamene thupi likumufuna kwambiri kuti likonze pomwe pawonongeka. Mwana amene m'chiwindi mwake munali vitamini wochepa kale, nkhokwe imatheratu m'masiku ochepa. Apa ndi pamene diso limauma n'kuchita zilonda. Kwa zaka zambiri chikuku chinali pakati pa zifukwa zikuluzikulu zomwe ana a mu Africa ankachitira khungu.

Woyamba kuyesa vitamini A pa ana odwala chikuku anali Joseph Ellison, dokotala wa pachipatala cha Grove mumzinda wa London. Iye anagawa pawiri ana 600, ndipo theka analipatsa mafuta a chiwindi cha nsomba, omwe amakhala ndi vitamini A ndi D. Lipoti lake la m'chaka cha 1932 linati pa ana 300 amene analandira mafutawo anamwalira 11, pamene pa 300 enawo anamwalira 26. Zotsatirazi zinaiwalika kwa zaka pafupifupi 50. Ku Ulaya kadyedwe kanasintha, mankhwala opha mabakiteriya anabwera, kenako katemera, ndipo maiko amene ana ankafabe ndi chikuku sanali maiko amene kafukufuku ankachitikira.

Nkhaniyi inadzukanso m'zaka za m'ma 1980. Dokotala wa maso wa ku America, Alfred Sommer, ankafufuza za matenda a maso ku Indonesia pamene anaona kuti ana amene anali ndi zizindikiro zochepa chabe za kusowa vitamini A ankafa kwambiri kuposa anzawo. M'chaka cha 1986 gulu lake linalengeza kuti m'midzi ya ku Aceh momwe ana analandira vitaminiyu, imfa zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chaka chotsatira kunatuluka zotsatira za pachipatala cha Mvumi, pafupi ndi Dodoma ku Tanzania. Pa ana 180 odwala chikuku, anamwalira 6 mwa 88 amene analandira vitamini A, ndi 12 mwa 92 amene sanalandire. Chiwerengerochi chinali chochepa moti ena akanatha kunena kuti zangochitika mwamwayi, komabe m'chaka chomwecho cha 1987 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti ana odwala chikuku m'madera osowa vitaminiyu azipatsidwa.

Umboni umene unathetsa kukayika unachokera ku Cape Town m'chaka cha 1990. Gregory Hussey ndi Max Klein anagawa mochita maere ana 189 amene anagonekedwa ndi chikuku chophatikizana ndi chibayo, kutsegula m'mimba kapena kutupa kwa kholingo. Ana amene analandira vitamini A anachira chibayo m'masiku pafupifupi 6, pamene enawo zinawatengera masiku oposa 12. Anatulutsidwa m'chipatala masiku anayi msanga. Ana onse amene anamwalira analipo 12, ndipo 10 mwa iwo anali a gulu lomwe silinalandire vitamini. Chodabwitsa chinali choti ku Cape Town kusowa vitamini A koonekera m'maso sikunali kofala, chonsecho ana oposa 90 pa 100 aliwonse m'kafukufukuyu anapezeka ndi vitamini wochepa m'magazi, ndipo kuwapatsa kunathandiza. Kafukufuku wina wocheperapo wa ku Durban, yemwe anatuluka m'chaka cha 1991, anapezanso kuti ana olandira vitamini ankachira msanga.

Kaperekedwe kake n'kofunika. Ku Cape Town ndi ku Mvumi ana analandira milingo iwiri m'masiku awiri otsatizana. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, kumene ofufuza anayesa mlingo umodzi wokha pa ana amene chikuku sichinawakule kwambiri, phindu looneka bwino silinapezeke. Ofufuza a bungwe la Cochrane ataphatikiza zofufuza zonse m'chaka cha 2005, anapeza kuti milingo iwiri ndi imene imachepetsa imfa, makamaka mwa ana osakwana zaka ziwiri.

Malangizo a WHO amati aliyense wopezeka ndi chikuku alandire vitamini A kawiri, tsiku lomwe wapezeka nacho ndi mawa lake. Mwana wa miyezi 12 kupita m'tsogolo amalandira mayuniti 200,000 tsiku lililonse, wa miyezi 6 mpaka 11 amalandira 100,000, ndipo wosakwana miyezi 6 amalandira 50,000. Ngati maso akuonetsa zizindikiro za kusowa vitaminiyu, pamaperekedwanso mlingo wachitatu pakatha masabata angapo. Makolo ambiri amawadziwa makapisozi amenewa kusikelo: wofiira ndi wa mayuniti 200,000, wabuluu ndi wa 100,000.

Pomwe vitamini A amalekezera

Zotsatira za ku Cape Town zitamveka, madokotala anaganiza kuti vitamini A angathandizenso pa matenda ena a m'mapapo. Anamuyesa pa chibayo chosachokera ku chikuku m'maiko angapo, kuphatikizapo Tanzania ndi Mozambique, koma imfa sizinachepe ndipo ana ambiri sanachire msanga. Anamuyesanso pa RSV, kachilombo komwe ndi kachibale ka kachilombo ka chikuku. Ana odwala RSV nawonso amapezeka ndi vitamini A wochepa m'magazi, ndipo amene matenda awakula ndi amene amakhala ndi wochepa kwambiri. Koma m'kafukufuku wa ku America wa m'chaka cha 1996, ana amene anapatsidwa vitamini anakhalitsa pang'ono m'chipatala kuposa anzawo. Ichi ndi chitsanzo chomveka bwino cha kusocheretsa kwa magazi kuja. Chithunzi cha m'magazi chinali chofanana ndi cha chikuku, koma zotsatira za mankhwala zinasiyana.

Vitamini A satetezanso mwana wathanzi kuti asatenge chikuku monga amachitira katemera. Pa mliri wa chikuku wa m'chaka cha 2025 kumadzulo kwa Texas, womwe unagwira anthu 762 m'chigawocho ndi kupha ana awiri amene sanalandire katemera, madokotala ananena kuti analandira ana ena amene chiwindi chawo chinaonetsa zizindikiro zopwetekeka chifukwa chomwetsedwa vitamini A wambiri kunyumba.

M'chigawo chino miliri ikuluikulu yakhala ikubuka pomwe katemera sanafikire ana onse. M'chaka cha 2010 dziko la Malawi linalemba anthu oposa 134,000 odwala chikuku ndi imfa 304. M'chaka cha 2022 mliri womwe unayambira m'boma la Mutasa, m'chigawo cha Manicaland ku Zimbabwe, unapha ana oposa 700, ndipo ambiri mwa iwo anali asanalandire katemera. Kapisozi amachepetsa imfa pakati pa ana amene adwala kale ndipo afika kuchipatala. Mwana amene wabisidwa m'nyumba mpaka zidzolo zitatha salandira kapisoziyo.

Vitamini D: chiyembekezo chachikulu, phindu lochepa

Vitamini D amasiyana ndi anzake chifukwa wambiri sachokera m'chakudya. Khungu limamupanga likawombedwa ndi dzuwa. Ntchito yake yodziwika kuyambira kale ndi yolimbitsa mafupa, ndipo ana omusowa amakhala ndi mafupa ofewa ndi miyendo ya matewe. Maganizo oti amakhudzanso matenda a m'chifuwa anakula pa zifukwa ziwiri. Choyamba, fuluwenza imachuluka m'nyengo yozizira, pamene dzuwa limachepa mphamvu m'maiko akutali ndi pakati pa dziko. Chachiwiri, m'chaka cha 2006 asayansi anasonyeza kuti maselo oteteza thupi amagwiritsa ntchito vitamini D popanga puloteni wopha tizilombo wotchedwa cathelicidin. M'chaka cha 2009 kafukufuku wa anthu pafupifupi 19,000 ku America anapeza kuti amene anali ndi vitamini D wochepa ankanena kawirikawiri kuti adwala chimfine posachedwapa.

Kuyesa kwenikweni kunabweretsa zotsatira zosiyanasiyana. Ku Mongolia, ana asukulu amene vitamini D wawo anali wotsika zedi m'nyengo yachisanu anamwetsedwa mkaka wothiramo mayuniti 300 tsiku lililonse, ndipo lipoti la m'chaka cha 2012 linati matenda a m'chifuwa anachepa ndi theka. M'chaka chomwecho, kafukufuku wa makanda oposa 3,000 mumzinda wa Kabul ku Afghanistan, omwe ankalandira mayuniti 100,000 kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, sanapeze kusintha kulikonse pa chibayo.

M'chaka cha 2017 gulu lotsogozedwa ndi Adrian Martineau wa pa yunivesite ya Queen Mary ku London linaphatikiza zofufuza 25 zokhudza anthu oposa 11,000. Linapeza kuti vitamini D amachepetsa mpata wodwala matenda a m'chifuwa ndi magawo pafupifupi 12 pa 100. Phindu linali lalikulu mwa anthu amene anali osoweratu vitaminiyu ndipo ankamwa pang'onopang'ono tsiku lililonse kapena sabata iliyonse. Amene ankalandira mlingo waukulu kamodzi pakapita nthawi sanapindule. Gulu lomweli litawonjezera zofufuza zatsopano m'chaka cha 2021, phindu linatsika kufika pa magawo 8 pa 100. Litabwerezanso m'chaka cha 2025, ndi zofufuza zikuluzikulu zambiri, phindulo linachepa moti silinathenso kusiyanitsidwa ndi mwayi chabe. Kuchepa kotereku kwa phindu pamene kafukufuku akukula ndi chizindikiro chomwe akatswiri amachiopa.

Mliri wa Covid-19 unakweza nkhaniyi koposa. Malipoti ambiri a m'chaka cha 2020 anasonyeza kuti odwala amene anali m'zipinda za odwala mwakayakaya anali ndi vitamini D wochepa. Kafukufuku waung'ono wa ku Córdoba, m'dziko la Spain, anautsa chiyembekezo: mwa odwala 50 amene analandira mtundu wina wa vitamini D, mmodzi yekha ndi amene analowa m'chipinda chotere, pamene mwa 26 osalandira analowa 13. Koma anthu 76 ndi ochepa, ndipo magulu awiriwa sanali ofanana pa matenda ena monga kuthamanga kwa magazi. Ku São Paulo m'dziko la Brazil, odwala 240 anagawidwa mochita maere, theka n'kupatsidwa mayuniti 200,000 kamodzi. Vitamini anakweradi m'magazi, koma masiku okhala m'chipatala sanachepe. M'chaka cha 2022 kunatuluka zofufuza ziwiri zazikulu, china cha anthu 6,200 ku Britain ndi china cha anthu oposa 34,000 ku Norway omwe ankamwa mafuta a chiwindi cha nsomba. Zonse sizinapeze kuti vitamini D amachepetsa Covid-19 kapena matenda ena a m'chifuwa. Ofufuza a ku Canada anayang'ananso anthu amene mwachibadwa matupi awo amasunga vitamini D wochulukirapo, ndipo anapeza kuti Covid-19 inkawagwira ndi kuwakulira mofanana ndi ena onse.

Zimenezi sizikutanthauza kuti kusowa vitamini D si vuto. Ambiri amaganiza kuti mu Africa, momwe dzuwa limawala chaka chonse, palibe angamusowe. Koma kafukufuku wotsogozedwa ndi Reagan Mogire wa ku Kenya, yemwe anatuluka m'chaka cha 2020, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse amene anayezedwa mu Africa anali ndi vitamini D wosakwanira, makamaka anthu a m'mizinda, amayi ndi makanda obadwa kumene. Khungu lakuda limafuna dzuwa lochulukirapo kuti lipange vitamini wofanana ndi khungu loyera. Kwa mlimi wa ku Dedza, Chipata kapena Angónia zimenezi zilibe vuto kwenikweni. Vuto limayamba kwa wogwira ntchito m'nyumba tsiku lonse ku Cape Town m'miyezi ya Juni ndi Julaye, ndipo limakula kwa amene anasamukira ku Ulaya. Kuyambira chaka cha 2016, boma la Britain limalangiza anthu akhungu lakuda okhala m'dzikolo kuti aganizire zomwa mayuniti 400 tsiku lililonse chaka chonse. Chifukwa chomwe linapereka ndi thanzi la mafupa ndi minofu, osati chimfine.

Vitamini C

Mbiri ya vitamini C ngati mankhwala a chimfine inafala chifukwa cha buku lomwe Linus Pauling, wasayansi amene analandira mphoto ya Nobel kawiri, anatulutsa m'chaka cha 1970. Zofufuza 29 zokhudza anthu oposa 11,000, zomwe bungwe la Cochrane linaphatikiza m'chaka cha 2013, zinasonyeza kuti kwa anthu wamba kumwa vitamini C tsiku lililonse sikuletsa chimfine. Kumangofupikitsa matendawo pang'ono, ndi magawo 8 pa 100 mwa akuluakulu ndi 14 pa 100 mwa ana, kutanthauza maola angapo pa chimfine cha sabata imodzi. Kuyamba kumwa chimfine chitagwira kale sikunaonetse phindu lodalirika.

Gulu lokhalo lomwe linapindula moonekera ndi la anthu amene amavutitsa thupi mopitirira muyeso. Mwa zofufuza za gululi, china chinachitikira ku South Africa pa othamanga mpikisano wa Comrades, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Lipoti la m'chaka cha 1993 linati mwa amene anamwa mamiligalamu 600 tsiku lililonse kwa masabata atatu mpikisano usanachitike, 33 pa 100 anadwala chimfine pambuyo pake, poyerekeza ndi 68 pa 100 mwa enawo. Pa odwala Covid-19 ogonekedwa m'chipatala, kafukufuku wamkulu wa maiko angapo wa m'chaka cha 2023 anapeza kuti vitamini C wolowetsedwa m'mitsempha sanathandize, ndipo panali zizindikiro zoti mwina amawonjezera vuto.

Madzi otentha a mandimu ndi jinja, omwe anthu ambiri anawakonda pa nthawi ya Covid-19, amafewetsa pakhosi ndipo alibe choipa malinga ngati sachedwetsa munthu wobanika kupita kuchipatala. Amene akufuna vitamini C amupeza wochuluka m'magwafa ndi m'malambe kuposa m'mandimu.

Chakudya, shuga wothira vitamini ndi kuopsa kopyola muyeso

Vitamini A wokonzeka kale amapezeka m'chiwindi, m'mazira, mumkaka, komanso mu usipa, matemba ndi kapenta zikadyedwa zathunthu. Thupi limathanso kumupanga kuchokera ku masamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi kholowa, ndi ku zakudya zachikasu monga mango, mapapaya, maungu ndi mbatata yofiira m'kati. Vitaminiyu amayenda ndi mafuta, choncho ndiwo zotendera nsinjiro kapena zothira mafuta pang'ono zimapindulitsa thupi kuposa zongowiritsa. Kwa khanda, gwero lake lalikulu ndi mkaka wa m'mawere.

Maboma a m'chigawo chino sanadalire chakudya cha m'munda chokha. Dziko la Zambia linayamba kuthira vitamini A mu shuga m'chaka cha 1998. South Africa inalamula m'chaka cha 2003 kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu uzithiridwa mavitamini. Malawi anayamba ndi shuga m'chaka cha 2012, ndipo lamulo lotere ku Zimbabwe linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2017. Pamwamba pa izi pali makapisozi omwe ana a miyezi 6 mpaka 59 amalandira kawiri pachaka. Ku Malawi, kafukufuku wa boma anapeza kuti ana aang'ono osowa vitamini A anali 59 pa 100 aliwonse m'chaka cha 2001, anali 22 m'chaka cha 2009, ndipo sanakwane 4 m'zaka za 2015 ndi 2016.

Kupambana kumeneku kwabweretsa funso lina. Vitamini C wotsala amatuluka mu mkodzo, koma A ndi D amaunjikana m'thupi. Vitamini D akachuluka amakweza kashiamu m'magazi n'kuwononga impso, ndipo malire amene akatswiri ambiri amaika kwa munthu wamkulu womwa payekha ndi mayuniti 4,000 patsiku. Vitamini A akachuluka amapweteka chiwindi ndi mafupa, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa kapisozi wa mlingo waukulu chifukwa angapundule mwana ali m'mimba. Kafukufuku wa kum'mawa kwa Zambia, yemwe anatuluka m'chaka cha 2014, anapeza kuti oposa theka la ana amene anayezedwa anali ndi vitamini A wopyola muyeso m'chiwindi, zomwe ofufuza anati zimachitika pamene shuga wothira vitamini, makapisozi ndi chakudya zakumana mwa mwana mmodzi.

Zotsatira zoterezi zachititsa akatswiri ena kupempha kuti maiko amene kusowa vitamini A kwachepa aunikenso kaperekedwe ka makapisozi kwa ana athanzi. Sizikukhudza milingo iwiri ya mwana wodwala chikuku, yomwe imaperekedwa ngakhale mwanayo atalandira kapisozi kusikelo posachedwapa. Mlingo uliwonse umayenera kulembedwa, pamodzi ndi tsiku lake, m'buku la kuchipatala la mwana, kuti wazaumoyo amene adzakumane naye pa kampeni yotsatira adziwe zomwe analandira kale.